Safunsa Adadya Phula

Munthu aliyense amene amayenda maulendo ataliatali pa basi amadziwa m'mene msewu wa phula umakalambira. Poyamba pamaoneka timing'alu todukizadukiza tofanana ndi khungu la ng'ona. Kenaka m'mene matayala a malole amapondamo mumalowa pansi ngati timakwawa tiwiri, ndipo mvula ikagwa madzi amaima m'menemo. Pomaliza m'mphepete mumayamba kubenthuka, msewu n'kumachepa chaka ndi chaka mpaka wapanjinga kusowa pothawira. Apaulendo akaona zotere mawu awo amakhala amodzi: boma lingothirapo phula lina pamwamba, nkhani ithe. Maganizo amenewa si opusa ayi, pakuti kusanjikiza phula latsopano pamwamba pa lakale ndi njira yodziwika yotalikitsira moyo wa msewu, ndipo kawirikawiri imatsika mtengo kusiyana ndi kufukula msewu wonse n'kuyambanso. Koma pali funso limodzi limene apaulendo salifunsa, ndilo lakuti: kodi phula latsopanolo lichindikale bwanji?

Funsoli likuoneka laling'ono, komatu m'menemo ndi m'mene muli chuma cha dziko, ndipo wophunzira wa Fomu 2 angathe kudziwerengetsera yekha. Msewu wa mamita 7 m'lifupi ndi kilomita imodzi m'litali, ukathiridwa phula losakaniza ndi miyala lochindikala mamilimita 50, umadya makyubiki mita 350, amene kulemera kwake ndi matani pafupifupi 840. Injiniya akaonjezera mamilimita 10 okha, amene sakwana ngakhale kunenepa kwa chala, ndiye kuti waonjezera matani 168 pa kilomita iliyonse, kapena matani 16,800 pa mtunda wa makilomita 100. Miyala imaphwanyidwa konkuno, koma phula lenilenilo limachokera kunja, limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo limadzera ku madoko a maiko oyandikana nawo. Tsono akachepetsa mamilimita 10 omwewo pamene pafunikadi, msewu umene amati ukhala zaka 15 umang'ambika ana amene adauona ukuthiridwa ali Sitandade 1 asanalembe mayeso a Sitandade 8.

Nkhaniyi si yakutali. M'chaka cha 2022 idayamba ntchito yokonzanso makilomita 301 a msewu wa M1, kuyambira pa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Kasungu ndi ku Jenda mpaka pa mphambano ya ku Mzimba, ndiponso kuchokera pa Kacheche kukafika pa Chiweta. Ndalama zambiri za ntchitoyi ndi ngongole yochokera ku European Investment Bank, kuphatikizapo thandizo la European Union. Ngongole ya msewu siibwezedwa ndi amene adaisainira. Imabwezedwa ndi amene lero akhala pa desiki, ndi amene angomaliza Fomu 4 ndipo akuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito. Chotero iwowa ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa m'mene kuchindikala kwa phula kumasankhidwira.

Masiku ano chisankho chimenechi chimatuluka m'kompyuta. Ainjiniya ali ndi mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi, ena akale ngati BISAR imene kampani ya Shell idatulutsa m'zaka za m'ma 1970, ena ngati ELMOD ya kampani ya Dynatest ya ku Denmark, mePADS ya bungwe lofufuza la CSIR ku South Africa, ndi AASHTOWare Pavement ME Design ya ku America. Masamu amene kale ankatenga masabata, lero amatha munthu asanamwe tiyi wake. Chimenechi ndi chinthu chabwino ndipo palibe wanzeru amene angalakelake kubwerera ku masiku a pensulo ndi matebulo osindikizidwa. Choopsa chili pena: anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, ayamba kuyang'ana kompyuta monga momwe makolo ankayang'anira wowombeza ula, kuti chimene yanena ndicho chomwecho. Pepala likatuluka lili ndi mizere ya mitundumitundu ndi manambala a madesimolo atatu, pamsonkhano pamakhala chete. Chikhalirecho kompyutayo siinauonepo msewu. Imayankha molingana ndi zimene yadyetsedwa, ndipo imayankha mwaukhondo womwewo kaya yadyetsedwa zoona kaya zabodza.

Kuti izi zimveke, nkofunika kudziwa kuti phula lakuda limene maso amaona ndi khungu chabe. Pansi pake pali msanjiko wa miyala yophwanya kapena timiyala tachilengedwe totsindiridwa bwino, pansi pake msanjiko wina wofookerapo, ndipo pansi penipeni pali nthaka ya pamalopo. John Loudon McAdam, mmisiri wa misewu wa ku Scotland, adaphunzitsa kalekale m'zaka za m'ma 1820 kuti nthaka ya pansiyo ndiyo imasenza katundu yense, ndi kuti imasenza bwino pokhapokha ikakhala youma. Ntchito ya misanjiko ya pamwamba ndi kumwaza kulemera kwa tayala pa malo otakasuka, kuti pofika pa nthakayo kukhale kutachepa mphamvu, ndiponso kutchinjiriza nthakayo ku madzi. Pulogalamu iliyonse, kaya yodula chotani, imafunsa mafunso awiri okha: katundu amene adzadutse pa msewuwu ndi wochuluka bwanji, ndipo mphamvu imene yatsala m'misanjiko yakaleyo ndi yochuluka bwanji? Phula latsopano ndi lokwaniritsa chimene chikuperewera.

Funso loyamba, la katundu, lili ndi mbiri yake. Kuyambira mu Okutobala 1958 kufikira mu Novembala 1960, pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, padachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa AASHO Road Test. Adamanga misewu yozungulira ya misanjiko yochindikala mosiyanasiyana, ndipo asilikali ankayendetsapo malole olemera mosiyanasiyana tsiku ndi tsiku, akatswiri akulemba m'mene msewu uliwonse unkaonongekera. Ntchitoyi idadya ndalama pafupifupi madola 27 miliyoni. Chimene adapeza chidasintha kamangidwe ka misewu pa dziko lonse lapansi. Chimene chimaononga msewu si kulemera kwa galimoto yonse, koma kulemera kumene kuli pa ekiselo iliyonse, ndiko kuti chitsulo cholumikiza matayala a kumanja ndi a kumanzere. Ndipo kuonongako sikukwera mofanana ndi kulemerako. Kulemera kukawirikiza kawiri, kuononga sikuwirikiza kawiri koma ka 16, pakuti nambalayo imachulukitsidwa ndi iyo yokha kanayi: 2 kuchulukitsa 2, kuchulukitsa 2, kuchulukitsanso 2.

Apa mphunzitsi wa masamu ayenera kuima pang'ono, chifukwa phunziro limene ana amaliyasamulira m'kalasi, n'kumafunsa kuti adzaligwiritsa ntchito kuti, ndi lomweli likulamulira ndalama za misewu. Ainjiniya adagwirizana kuti ekiselo yolemera matani 8.16 ikhale muyezo woyerekezera zina zonse. Ekiselo ya galimoto yaing'ono, yolemera makilogalamu 800, imaononga msewu pang'ono kwambiri moti pafunika maekiselo otere oposa 10,000 kuti afanane ndi ekiselo imodzi ya muyezo. Ndiye kuti magalimoto ang'onoang'ono amene amadzaza msewu pa nthawi yoweruka ku ntchito, kwa injiniya wa phula ali ngati ntchentche zotera pa nsana wa ng'ombe. Ekiselo ya matani 10, umene ndi malire amene maiko a SADC adagwirizana pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, imaononga kuposa kawiri ekiselo ya muyezo. Mwini lole akanyengerera dalaivala wake kuti aonjezere matumba mpaka ekiselo yomweyo ifike matani 13, kuononga kumakwera pafupifupi katatu kuyerekeza ndi kwa matani 10. Phindu la matumba oonjezerawo limalowa m'thumba la munthu mmodzi. Kukonza msewu kumagwera anthu onse.

Chitsanzo chongopeka chingathandize. Msewu wina ukhale kuti kumbali imodzi kumadutsa malole 300 pa tsiku, ndipo lole iliyonse ikufanana ndi maekiselo a muyezo anayi. Pa tsiku ndi 1,200, pa chaka ndi 438,000. Magalimoto akamachuluka ndi magawo 5 pa 100 alionse chaka ndi chaka, pa zaka 15 chiwerengero chimafika pafupifupi 9.5 miliyoni. Nambala imeneyi ndiyo imalembedwa m'kompyuta. Koma ngati malole aja amayenda atasenza katundu wopyola ndi magawo 20 pa 100 alionse pa zimene injiniya adaganizira, kuononga kumawirikiza kawiri, ndipo moyo wa zaka 15 uja umatha zaka 9 zisanakwane. Kompyuta siidalakwe kanthu. Amene adalakwa ndi amene adawerenga malole kwa masiku awiri okha m'mwezi wopanda malonda, osadikira nyengo ya fodya, ya feteleza ndi ya chimanga. Amene adawerenga usana wokha chikhalirecho malole ambiri amakonda kuyenda usiku. Kapena amene sadaike sikelo pa msewu n'komwe, koma adangotenga kulemera kololedwa ndi lamulo ngati kuti munthu aliyense amamvera lamulo.

Funso lachiwiri, la mphamvu yotsala mu msewu wakale, ndi lovuta koposa, chifukwa chimene chikufunsidwa chili pansi pa phula. Njira yake ndi kuuponda msewu ndi katundu wodziwika kulemera kwake, n'kuona m'mene ukunepera, ndiko kuti m'mene ukutsikira pang'ono ndi kubwereranso. Msewu wolimba umanepa pang'ono, wofooka umanepa kwambiri. Mu 1953 Alvin Benkelman wa ku America adapanga chida chosavuta, chonga mtanda wautali, chimene nsonga yake imalowetsedwa pakati pa matayala awiri a m'mbuyo a lole yodzaza, ndipo loleyo ikasuntha, kalozera amaonetsa m'mene msewu wabwererera. Chida chofala masiku ano ndi Falling Weight Deflectometer, chimene chimakokedwa ngati ngolo kumbuyo kwa galimoto. Chimagwetsa chitsulo cholemera pa mbale ya mamilimita 300 m'mimba mwake, kutsanzira tayala la lole yothamanga, ndipo timakina tisanu ndi tiwiri kapena kuposerapo, tondandalikidwa kuchokera pa mbaleyo, timayeza kunepa kwa msewu, kumene nthawi zambiri sikukwana ngakhale milimita imodzi. Kunepa kwa pafupi ndi mbale kumanena za misanjiko ya pamwamba. Kwa patali kumanena za nthaka ya pansi.

Pamenepa ndi pamene kompyuta imaonetsa luso lake lenileni. Masamu a m'mene kulemera kumamwazikira m'nthaka adayambidwa ndi Joseph Boussinesq wa ku France mu 1885. Donald Burmister wa ku America adawakulitsa mu 1943 kuti agwire ntchito pa misanjiko, ndipo Nils Odemark wa ku Sweden adapeza njira yachidule mu 1949. Masamu amenewa amayenda chopita kutsogolo: ukadziwa kulimba kwa msanjiko uliwonse, umapeza m'mene msewu udzanepere. Koma injiniya ali ndi kunepako, ndipo akufuna kulimba. Choncho pulogalamu imayenda chambuyo. Imaganizira kulimba kwa misanjiko, n'kuwerengetsa kunepa, n'kuyerekeza ndi kumene kudayezedwa pa msewu, n'kusintha choganizira chija, n'kubwerezanso, mpaka ziwirizo zitafanana. Imachita zimenezi pa malo mazanamazana m'kanthawi kochepa.

Vuto ndi lakuti mayankho oposa limodzi angathe kufanana ndi kunepa komweko, monga momwe 6 angachokere mu 2 kuchulukitsa 3 kapena mu 1 kuchulukitsa 6. Msanjiko wochindikala koma wofooka ndi msanjiko wopyapyala koma wolimba zingathe kunepa mofananako. Pulogalamu siidziwa kuchindikala kwa misanjiko pokhapokha itauzidwa. Injiniya waulesi amatenga manambalawo m'mapulani akale a pamene msewu unkamangidwa, mwina zaka 40 zapitazo, osafunsa ngati omanga adatsatiradi mapulaniwo, kapena ngati pakati apa padaikidwa zigamba ndi phula lina limene silidalembedwe pena paliponse. Injiniya wosamala amatumiza anthu ndi mapiki ndi mafosholo kukakumba maenje m'mbali mwa msewu, kuyeza msanjiko uliwonse ndi tepi, kutapa dothi ndi miyala m'matumba kupita nazo kokazipima. Amagwiritsanso ntchito chida chotsika mtengo chotchedwa DCP, chimene chidakonzedwa bwino ku South Africa m'zaka za m'ma 1970. Ndi ndodo yachitsulo yosongoka imene imakhomedwa pansi ndi nyundo ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575. Anthu atatu amakwana: wina kugwira, wina kukweza nyundo, wina kulemba m'mene ndodo yalowera. Ndodo ikalowa msanga, pamenepo mpofooka. Palibe magetsi, palibe intaneti, koma manambala a m'kope la wolembayo ndiwo amaletsa pulogalamu ya madola zikwi zambiri kunena zabodza.

Ngakhale mwezi woyezera uli ndi kanthu. Msewu woyezedwa mu Okutobala, nthaka itauma gwa, umaoneka wamphamvu ngati mnyamata. Womwewo ukayezedwa mu Malichi kapena mu Epulo, madzi a dzinja atalowerera, umaonetsa ukalamba wake. Pa madambo ndi pa dothi la makande la m'chigwa cha Shire, limene limatupa likanyowa ndi kung'ambika likauma, kusiyanako kumakula ndithu. Phula nalonso limafewa dzuwa likaswa mtengo ndi kuuma m'mawa kukazizira, kotero woyeza ayenera kulemba kutentha kwa phula pa malo alionse, kuti manambala a m'mamawa ndi a masana ayerekezeke. Ndandanda ya ntchito ikathina, ndalama zikachedwa kutuluka, kuyeza kumachitika m'mwezi umene galimoto yapezeka, osati m'mwezi woyenera. Pa pepala lotuluka m'kompyuta zimenezi sizioneka.

Mafunso awiri aja akayankhidwa, chotsala ndi masamu ochotsera amene mwana wa pulayimale amawadziwa. M'njira ya buku la AASHTO la 1993, limene ndi mdzukulu wa kafukufuku wa ku Ottawa uja, mphamvu ya msewu imalembedwa ngati nambala imodzi. Ngati katundu wa m'tsogolo akufuna msewu wa mphamvu 4.5, ndipo wakalewo watsala ndi 3.2, chikuperewera ndi 1.3. Inchi imodzi ya phula latsopano labwino imawerengedwa kuti imapereka 0.44. Kugawa 1.3 ndi 0.44 kumapereka mainchi pafupifupi 3, ndiwo mamilimita 75. Mapulogalamu atsopano amawerengetsa mozama kuposa apa, poona m'mene msanjiko uliwonse udzatopere chaka ndi chaka, koma injiniya amene sangathe kuchita masamu achidulewa kuseri kwa envulopu, kuti aone ngati yankho la kompyuta lili m'njira, sakuyendetsa pulogalamuyo. Pulogalamuyo ndiyo ikumuyendetsa.

Pali chinthu china chimene ogulitsa mapulogalamu sachinena mokweza. Pulogalamu iliyonse ili ndi kwawo. Kafukufuku wa ku Ottawa adachitika pa dothi la mtundu umodzi, m'dziko limene nthaka imaundana ndi chisanu n'kudzasungunuka nyengo ikasintha, ndipo misewu yambiri yoyeserera idaonongeka pa nthawi ya kusungunukako. Ku Kasungu nthaka siiundana. Pulogalamu yatsopano ya ku America imafuna manambala a nyengo a ola lililonse kwa zaka zingapo, ndipo idalinganizidwa ndi misewu ya kumpoto kwa America. Eni ake omwe amalangiza kuti chigawo chilichonse chiilinganizenso ndi misewu yake chisanaikhulupirire. Masamu ambiri akale amaganiza kuti phula limayamba kung'ambika kunsi, mng'alu n'kumakwera. Koma akatswiri a bungwe la TRL la ku Britain, atafufuza ku Kenya ndi m'maiko ena otentha, adaona kuti kumalo a dzuwa lamphamvu phula limakalamba ndi kuuma msanga pamwamba, ndipo ming'alu yambiri imayambira pamwambapo n'kumatsika. Matenda amenewa mankhwala ake si kuchindikala kokha. Ndi kasakanizidwe ka phula ndi miyala, katsindiridwe kake, ndi kulitchinjiriza pamwamba. Pa zitunda ngati za ku Chiweta, pamene lole yodzaza imakwera pang'onopang'ono dzuwa likutentha, vuto limatembenuka: phula lonona kwambiri limasefukira m'mbali mwa tayala ngati phala.

N'chifukwa chake mabuku olembedwera maiko otentha ali ofunika kukhala pa tebulo pambali pa kompyuta: Overseas Road Note 31 ya 1993, Overseas Road Note 18 ya 1999 yonena za kupima misewu ya phula yokalamba, ndi malangizo a SATCC amene maiko a kum'mwera kwa Afrika adakonzera pamodzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo kuphunzira kuchokera ku misewu ya konkuno nthawi zina kumapulumutsa ndalama. Kafukufuku wa TRL amene adatuluka mu 1999, wokhudza misewu ya magalimoto ochepa ku Botswana, Malawi ndi Zimbabwe, adapeza kuti timiyala tofiira tachilengedwe, timene malamulo ochokera kunja akadatikana, tidasenza bwino kuposa m'mene ankayembekezera, makamaka pamene msana wa msewu udali wokwera bwino pamwamba pa ngalande ndi pamene m'mphepete mudamatidwa phula. Pulogalamu yosauzidwa zimenezi ingalamule kufukula maziko abwinobwino.

Komanso ingalamule kukwirira maziko owola, ndipo kulakwa uku ndiko kofala. Pulogalamu yofunsidwa kuchindikala kwa phula imayankha kuchindikala kwa phula. Siidzanena kuti funsolo ndi lolakwika. Misewu yambiri ya m'dziko muno idamangidwa ndi khungu lopyapyala la phula ndi timiyala pamwamba pa maziko a timiyala tachilengedwe. Madzi akalowa m'maziko otere kwa zaka zambiri, kuthira phula lokongola pamwamba kumangopanga chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ming'alu yakale imakwera n'kudzatulukira pa phula latsopano pamalo pomwepo, ngati ngongole imene munthu amayesa kuti yaiwalika. Pamalo otere chofunika ndi kugalauza maziko, kuwasakaniza ndi simenti kapena miyala yophwanya, n'kuwatsindiranso. Ndipo pamalo ena chimene chidapha msewu si lole konse, koma kalavati yotsekeka ndi mchenga, ngalande imene idakwiririka anthu n'kudzalamo chimanga, kapena kasupe wotumphuka m'mbali mwa phiri. Zimenezi zimaoneka kwa munthu woyenda pansi, makamaka mvula itangokata, ndipo zimamveka kwa munthu amene amaima n'kupereka moni kwa eni mudzi. Agogo okhala m'mphepete mwa msewu amadziwa pamene madzi amadutsa chaka chilichonse, ndi pamene adadutsa m'nyengo ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Iwo ankanena phula la njuchi, koma mwambiwo wafika pa msewu osasintha liwu.

Mtundu wina wa mapulogalamu, monga Civil 3D ndi OpenRoads, umagwira ntchito ya maonekedwe a msewu. Opima malo amayeza pamwamba pa msewu wakale, kompyuta n'kujambula mabampu ndi malo olowa, n'kuwerengetsa pamene phula lakale lipalidwe, pamene padzazidwe, ndi matani amene afunike kuti msana wa msewu ubwerere, wopendekera mbali zonse ndi masentimita awiri ndi theka kapena atatu pa mita iliyonse kuti madzi azitsetsereka. Apa kompyuta imathandizadi, chifukwa kontirakitala amalipidwa molingana ndi matani, ndipo kusamvana pa matani ndiko kumadzetsa milandu. Koma msewu ukakwera ndi mamilimita 75, m'mphepete mwake mukapanda kukwezedwanso, pamatsala chiphompho chaching'ono chimene chimagwetsa wakabaza amene wanyamula mayi ndi mwana pothawa basi. Munthu wojambula pa kompyuta mu ofesi amakumbukira zimenezi pokhapokha ngati adakwerapo njinga pa msewu wotere.

Tsono pali zoyenera kupempha. A Roads Authority ndi onse olemba ntchito akatswiri a misewu ali ndi mphamvu yokana lipoti limene likuonetsa yankho lokha. Lipoti loyenera kulandiridwa lionetse tsiku ndi mwezi umene msewu udayezedwa, malo amene maenje adakumbidwa ndi zimene zidapezekamo, masiku ndi maola amene malole adawerengedwa, ndi kulemera kwenikweni kwa maekiselo pa sikelo. Lionetsenso masamu a pamanja oyerekezera ndi a kompyuta. Ndalama zopimira msewu ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomangira, koma ndizo zimayamba kudulidwa bajeti ikavuta, chifukwa dzenje lokumbidwa n'kukwiriridwanso silijambulidwa pa mwambo wodula riboni. Ndipo msewu ukatha, manambala aja asungidwe pamalo podziwika, pamodzi ndi zimene zidathiridwadi, kuti injiniya wa zaka 20 zikudzazo asadzayambirenso kulota.

Kwa achinyamata amene sadapeze malo ku yunivesite, nkofunika kudziwa kuti ntchito ya msewu siili m'manja mwa injiniya yekha. Kumbuyo kwa injiniya mmodzi wokhala pa kompyuta kuli anthu ambiri opima malo, opima dothi ndi phula, owerenga magalimoto, oyang'anira sikelo ndi olemba manambala a DCP, ndipo ambiri mwa iwowa adayamba ndi satifiketi ya MSCE, masamu abwino ndi dzanja lolemba zooneka. Maphunziro apamwamba a ntchitoyi amapezeka ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, imene kale inkadziwika kuti Polytechnic, koma khomo loyamba la ambiri limakhala kope ndi pensulo m'mphepete mwa msewu. Chiyeso cha ntchito imeneyi n'chodziwika: dzuwa likatentha, kapena tulo tikagwira pa ola lachiwiri la usiku, nkosavuta kudzaza mizere yotsala ndi manambala a m'mutu. Palibe amene angazindikire tsiku limenelo. Manambalawo amalowa m'kompyuta pamodzi ndi oona, n'kutuluka atavala madesimolo.

Aphunzitsi nawo ali ndi labotale yaulere pakhomo pa sukulu iliyonse yoyandikana ndi msewu waukulu. Kalasi ingathe kukhala pamalo otetezeka kwa ola limodzi, ana ena akuwerenga magalimoto ang'onoang'ono, ena mabasi, ena malole ndi maekiselo ake. Pobwerera m'kalasi, ekiselo iliyonse ya galimoto yaing'ono ipatsidwe makilogalamu 800, ya lole ipatsidwe matani 10, ndipo ana agawe kulemera kulikonse ndi 8.16, achulukitse yankho ndi ilo lokha kanayi, n'kuphatikiza. Kenaka mphunzitsi asinthe matani 10 aja kukhala 13, ana awerengetsenso. Kalasi ina ingathe kutenga thabwa lowongoka la mamita awiri, kuligoneka chopingasa pamene matayala amaponda, msewu uli wopanda magalimoto ndipo akulu akuyang'anira, n'kuyeza ndi rula mpata wa pansi pake mu Meyi, kudzayezanso pamalo pomwepo mu Meyi wa chaka chotsatira, manambala onse awiri n'kuwalemba m'kope limodzi losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.